Nkhokwe Ziwiri

Mau olalikidwa pa Mphunzi m'nyengo ya masika. Luka 12:13-21.

Cimanga calowa m'nkhokwe, mbatatesi zakwera malole pa Bembeke ndi pa Cimbiya, ndipo ambiri a ife tagwirako ndalama. Cifukwa cace tifunsane lero: mwini cuma wa m'fanizoli, amene munda wace unabala kwambiri, analakwa ciani kuti Mulungu amuche wopusa?

Sanalakwa polima, pakuti ulesi suli kupembedza. Sanalakwanso pomanga nkhokwe, pakuti Yosefe anakundika dzinthu zoposa zace m'dziko la Aigupto, ndipo palibe womtsutsa. Koma taonani kusiyana kwao. Yosefe anasunga tirigu zaka 7 kuti mitundu ya anthu ingafe ndi njala. Koma uyu anapangana ndi mtima wace wokha, osachula Mulungu, kapena mbale, kapena wamasiye wa kuseri kwa nyumba yace. Anawerengera zaka zambiri, atatsala ndi usiku umodzi.

Ife a kumapiri kuno sitisowa mboni. Atate athu ndi agogo athu analembetsa kwa Wenela, namuka ku migodi ya ku Joni kukafuna za msonkho, bulangete ndi njinga. Ena anabwera, namanga nyumba, naphunzitsa ana. Ena anasanduka machona, akazi ao nakalamba ali kuyang'ana kunjira. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa pa Francistown, nafa Amalawi oposa 70, ali pa ulendo wobwerera kwao. Sitinena kuti iwo anacimwa koposa ife, iai; anali anthu ovutikira ana ao. Tinena kuti bokosi la katundu lilekeza pamanda. Ndipo ngakhale tikali moyo cuma cisungunuka: mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo amene anasunga ndalama m'citini anaziwerenga, napeza zonse zilipo, koma zosagulanso feteleza amene anamwerengera.

Nanga nkhokwe yaciwiri, imene anankafumbwe saiboola, imangidwa bwanji? Mzati wace ndiwo kukhulupirira Kristu, amene adatiombola kwaulere. Nsungwi zace ndizo nchito za masiku onse: ndowa yoyesera yosaphwanyidwa kunsi, ngongole yobwezedwa pa tsiku lace, lichero la ufa lotumizidwa kwa wodwala. Kumbukiraninso ciyambi ca fanizoli: munthu wina anadza kwa Yesu ndi mlandu wa colowa, pofuna kugawana ndi mbale wace. Mlandu womwewo uli pakati pathu. Mkristu amene ayimba pamaliro usiku wonse, m'mawa mwace nazula malata pa nyumba ya mkazi wamasiye, wadzaza nkhokwe ya pansi pano, napasula ya kumwamba.

Inu aphunzitsi a m'midzi, musaphunzitse ana kunyoza khasu kapena ndalama. Aphunzitseni kuti cuma ndiye wanchito wabwino, koma mfumu yoipa. Ndipo ife tonse, madzulo ano potseka nkhokwe zathu, tiyambe tayamika Iye amene anagwetsa mvula, ndipo tichule dzina la mnansi mmodzi amene adzadyako caka cino. Mulungu atithandize. Amen.