Firiji ikafa, sofa ikatha: katundu wamkulu timutaye kuti?

Mwezi ukamatha, m'makwalala a mizinda yathu mumadzaza malole aang'ono ndi mapikiapu onyamula katundu wa mabanja osamuka m'nyumba za lendi. Galimoto ikanyamuka, kuseri kwa nyumba kumatsala zimene eni ake aona kuti n'zosayenera kulipirira thiransipoti: matiresi yophwa, sofa yothyoka miyendo, firiji imene idasiya kuziziritsa kalekale, kapena wailesi ya kanema yachikale ija yokhala ndi chimsana.

Katundu wotere salowa m'bini ndipo sakwana m'dzenje la zinyalala la pakhomo. N'chifukwa chake ambiri amamuotcha usiku, kapena kulipira mnyamata wa wilibala kuti akamusiye kulikonse kumene angathe, bola achoke pamaso. Kawirikawiri malo amenewo amakhala ngalande, puloti yosamangidwa kapena m'mbali mwa mitsinje monga Mudi ndi Nasolo ku Blantyre, Lingadzi ndi Lilongwe ku likulu.

Komatu firiji kapena sofa yakutha ili ndi zigawo zosiyanasiyana. Zina ndi ndalama, zina ndi chiphe, ndipo zoyeneradi kupita kumtaya zimakhala zochepa. Munthu akadziwa kusiyanitsa zigawo zitatuzi, ntchito yochotsa katunduyu imapepuka ndipo nthawi zina imamubweretsera kangachepe m'thumba.

Udindo ndi wa yani?

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapereka kumakhonsolo ntchito yosamalira zinyalala m'madera awo. Khonsolo ya mzinda wa Blantyre ili ndi mtaya wake ku Mzedi, pomwe ya Lilongwe imataya ku Area 38. Pamwamba pa makhonsolowa pali lamulo losamalira chilengedwe la 2017, lomwe lidakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority (MEPA) kuti liziyang'anira, mwa zina, zinyalala zoopsa.

Galimoto za khonsolo komanso za makampani amene amatola zinyalala m'makomo pamtengo wa pamwezi zidakonzedwera zinyalala za tsiku ndi tsiku: makoko, mapepala, mabotolo ndi phulusa. Nazo zimabini zikuluzikulu za m'misika zimadzaza msanga munthu akaponyamo matiresi imodzi yokha. Choncho udindo woyamba wa katundu wamkulu uli m'manja mwa mwini wake. Kumusiya pamsewu kapena mumtsinje n'kuphwanya malamulo a mzinda, ngakhale atakasiyako ndi munthu waganyu.

Zimene zabisala m'kati

Firiji imaziziritsa chifukwa cha mpweya umene umayenda m'timapaipi take. Mafiriji akale kwambiri ankagwiritsa ntchito mpweya wa R12, wa m'gulu la CFC, umene umawononga ozoni, chophimba cha mumlengalenga chimene chimatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Pangano la Montreal la 1987, lomwe Malawi adalowa nawo, lidachititsa kuti mpweyawu uthetsedwe, ndipo maiko osauka adapatsidwa malire a chaka cha 2010. Mpweya umene udalowa m'malo mwake, R134a, suwononga ozoni koma umatenthetsa dziko kuposa mpweya wa kaboni nthawi zoposa 1,000. Mafiriji ambiri atsopano ali ndi R600a, umene umayaka ukakumana ndi moto.

Apa ndi pamene pali ngozi munthu akatenga nkhwangwa kapena sowo n'kudula mapaipi a firiji pofuna kuchotsa kompuresa. Mpweya wonse umathawira mumlengalenga, mafuta a m'kompuresa amatayikira m'nthaka, ndipo ngati pafupi pali mbaula yoyaka, moto ungabuke. Ntchito imeneyi ndi ya mmisiri wokonza mafiriji amene ali ndi zida zokokera mpweyawo m'silinda.

Firiji yongosiyidwa kuseri kwa nyumba ili ndi vuto linanso. Ana akamasewera chibisalirano amatha kulowamo, ndipo chitseko chikatsekeka, labala wa m'mbali mwake salola mpweya kulowa kapena mawu kutuluka bwino. Ngati firiji kapena difiriza yakufa ikhala pakhomo ngakhale kwa sabata imodzi, chotsani chitseko chake kapena chimangeni ndi chingwe cholimba.

Wailesi za kanema ndi makompyuta achikale okhala ndi chimsana ali ndi galasi losakaniza ndi mtovu, umene pa wailesi yaikulu umatha kupitirira kilogalamu imodzi. Galasilo likasweka n'kumavumbwa ndi mvula, mtovu umalowa m'nthaka pang'onopang'ono. Mtovu ulinso m'mabatire a galimoto ndi a sola, pamodzi ndi asidi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene ungatchedwe wabwino m'thupi la munthu, ndipo mwa ana umasokoneza kakulidwe ka ubongo. M'mizinda yathu momwe mabanja ambiri amamwabe madzi a pachitsime ndiponso amalima ndiwo zamasamba m'madimba a m'mbali mwa mitsinje, chiphe chotayidwa kumtunda chimabwerera m'mbale.

Mababu aatali a chubu ndi aja opindikapindika osunga magetsi ali ndi mekyule pang'ono, choncho asaphwanyidwe. Mayikulowevu imasunga mphamvu ya magetsi m'kati mwake ngakhale itazulidwa pakhoma, ndipo yapweteka anthu ofuna kuitsegula popanda luso. Mabatire a foni ndi laputopu akabooledwa kapena kuponyedwa pamoto amaphulika.

Vutoli ndi la dziko lonse lapansi. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2024 lidaonetsa kuti mu 2022 anthu adataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zidasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo.

Moto ndi mtsinje

Ambiri amaganiza kuti kuotcha matiresi kapena sofa ndiye kuthana nazo. Siponji ya m'katunduyu ikamapsa imatulutsa utsi wakuda wokhala ndi mipweya yakupha monga carbon monoxide ndi cyanide. M'madera othithikana ngati Ndirande, Mbayani, Mtandire kapena Chinsapo, utsiwo umalowa m'nyumba za oyandikana nawo mmene muli makanda, okalamba ndi odwala mphumu. Chimodzimodzinso mchitidwe wootcha mawaya kuti pulasitiki isungunuke, kopa atsale. Utsi wake uli ndi poizoni woyambitsa matenda a khansa, pomwe kusenda wayayo ndi mpeni kumapereka kopa woyera bwino.

Kumtsinje nako, matiresi ikanyowa imalemera ndipo imakatsamira pakamwa pa kalavati kapena pansi pa mlatho. Mapepala a pulasitiki, nthambi ndi mchenga zimaunjikana pamenepo mpaka madzi kusowa njira. Mvula yamphamvu ikagwa, madziwo amasefukira mumsewu ndi m'nyumba za anthu a kumunsi, amene mwina sadaone n'komwe matiresiyo. Anthu a ku Blantyre akukumbukira zimene namondwe wa Freddy adachita mu Malichi 2023. Mvula yotere palibe angailetse, koma ngalande yotsekeka imachititsa kuti ngakhale mvula wamba ibweretse chionongeko. Zidebe, matayala ndi mafiriji osiyidwa panja zimasunganso madzi momwe udzudzu umaswana, ndipo sofa yovunda ndi nyumba ya makoswe ndi njoka.

Yambani ndi mmisiri

Musanaganize zotaya, itanani mmisiri. Firiji zambiri zimene eni ake amati zafa zimangokhala kuti kachipangizo koyambitsa kompuresa kapsa chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, kapena mpweya watha chifukwa cha kabowo kakang'ono. Kukala yamagetsi nthawi zambiri imafuna puleti yatsopano kapena switchi basi. Sofa imene thabwa lake likadali lolimba, akalipentala a ku Mchesi kapena ku Ndirande amaivala siponji ndi nsalu yatsopano n'kuoneka ngati yachokera m'sitolo. Funsani mtengo wokonzera, muuyerekeze ndi wa chatsopano. Ngati kukonzako kukuyandikira mtengo wogulira china, kapena chipangizocho chimadya mayunitsi ambiri a magetsi chifukwa cha ukalamba, ndi bwino kuchisiya.

Chimene chikugwirabe ntchito, chigulitseni kapena chiperekeni. Masiku ano anthu amatsatsa katundu wakale pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo ogula sasowa, makamaka achinyamata amene angoyamba kukhala paokha. Nenani chilungamo pa vuto limene katunduyo ali nalo, jambulani chithunzi chooneka bwino, ndipo gwirizanani za amene alipire thiransipoti. Musatulutse katundu pakhomo chifukwa cha uthenga wa pafoni wonena kuti ndalama yatumizidwa. Yambani mwaona nokha kuti yalowadi mu akaunti yanu. Ngati ndi kompyuta kapena foni, fufutani zonse zimene zili m'menemo, muchotsenso simu ndi memori khadi.

Popereka kwa achibale, kumpingo kapena kumalo osamalira ana, perekani chinthu chimene mwini wake watsopanoyo angagwiritsedi ntchito. Kutumiza firiji yakufa kumudzi ndi kungosamutsira vuto kwa anthu amene alibe pokaitaya. Matiresi imene muli nsikidzi isaperekedwe kwa wina aliyense, pakuti tizilomboti timakhala miyezi yambiri osadya ndipo timafalikira nyumba yonse.

Chikakanika kukonzeka

Chinthu chikafika poti mmisiri wagwedeza mutu, chimakhala chikadali ndi mtengo. Okonza mafiriji ndi mawailesi amagula zakufa kuti achotsemo masipeya. Ogula zitsulo zakutha amayeza pasikelo n'kulipira pa kilogalamu, ndipo kopa ndi aluminiyamu zimakhala zokwera mtengo kuposa chitsulo wamba. Ndi chifukwa chake ndi bwino kufunsa mitengo kwa ogula awiri kapena atatu musanavomere. Amisiri osula amasandutsa malata a kukala, giza kapena firiji kukhala mbaula, ndowa ndi zoolera zinyalala. Bedi lachitsulo limapita kwa owotcherera, ndipo siponji yoyera ya matiresi imadulidwa kukhala mapilo ndi makushoni.

Pa firiji, dongosolo lake ndi ili: mmisiri ayambe wachotsa mpweya ndi mafuta, kenako wogula zitsulo atenge chotsalacho. Batire ya galimoto kapena ya sola iperekedwe yathunthu, yosakhuthula asidi, kwa ogulitsa mabatire kapena ogula mabatire akale, ndipo poinyamula ikhale choimirira. Matabwa a mipando opakidwa penti kapena vanishi, komanso aja opangidwa ndi utuchi womata ndi guluu, asagwiritsidwe ntchito ngati nkhuni zophikira chifukwa utsi wake ndi woipa.

Zotsala zipite kumtaya

Zikachotsedwa zonsezi, chimatsala ndi mulu waung'ono wa nsalu zong'ambika, siponji yovunda ndi mapulasitiki osweka. Ngati zingadulidwe n'kukwana m'matumba, kampani imene imakutolerani zinyalala ingazitenge. Ngati n'zazikulu, pitani kapena imbani foni ku ofesi ya zaumoyo ndi ukhondo ya khonsolo yanu, mufunse za tsiku, mtengo ndi malo ovomerezeka. Mukalipira, tengani lisiti.

Mukalemba ganyu galimoto kapena wilibala, funsani kumene katunduyo akupita. Munthu amene wavomera kandalama kochepa kwambiri kuti anyamule sofa kuchokera ku Chilomoni sangakafike nayo ku Mzedi. Adzaisiya pamlatho woyamba umene aupeze. Njira yabwino ndi kukwera nawo galimotoyo, kapena kulipira theka n'kumaliza ntchito ikatsimikizika. Mabanja oyandikana angathenso kusonkherana n'kubwereka lole imodzi, mothandizidwa ndi mfumu ya m'dera kapena khansala wawo. Nthawi yabwino ya ntchito imeneyi ndi Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe.

Kwa okhala m'nyumba za lendi, musadikire tsiku losamuka. Yambani kusankha katundu pamene mwangopereka notisi, kuti mupeze nthawi yoitana mmisiri, kutsatsa ndi kukambirana mitengo. Wogulitsa ali pachangu amagulitsa motchipa, ndipo zotsala m'nyumba ya eni zimabala mkangano ndi alandilodi pa nkhani ya dipoziti.

Makhonsolo nawo ali ndi mbali yawo. Kukhazikitsa tsiku lodziwika lotolera katundu wamkulu m'dera lililonse, ndi malo apadera olandirira mabatire, mababu ndi zipangizo zamagetsi, kungachepetse ndalama zimene amawononga pofukula ngalande chaka ndi chaka. Nzika zili ndi ufulu wofunsa zimenezi kudzera mwa makhansala awo, popeza ndi zimene zimalipira misonkho ya mzinda. Podikira zimenezo, amene ali ndi firiji yakufa kuseri kwa nyumba angayambe lero pochotsa chitseko chake ndi kuimbira foni mmisiri.