Phwando la kubadwa kwa mwana silifuna nkhongole

Makolo ena m'mizinda monga Lusaka ndi Chipata amatenga kaloba kuti abwereke jumping castle pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwana. Komabe masewera amene ana amawadziwa kale amangofuna bwalo losesedwa bwino ndi zinthu zopezeka pakhomo.

Cimpombwa ndi mpira wopangidwa ndi mapulasitiki akale omangidwa ndi cingwe. Anyamata amacita nawo mpira wamiyendo, ndipo miyala iwiri imakhala goli. Mpira womwewo umathandiza pa cidunu: wina amaumenya kutali, wofunafuna akuuthamangira, anzake n'kubisala.

Waida imafuna cingwe cimodzi comangidwa nsonga zake. Ana awiri amacikoleka m'akakolo, wacitatu n'kumalumpha. Akapambana, cingwe cimakwezedwa kufika m'mawondo, kenaka m'ciuno.

Ana akatopa, ciyato cimawakhazika pansi. Wosewera amaponya mwala m'mwamba, n'kutulutsa timiyala m'kadzenje, ndipo ayenera kuwakha mwalawo usanagwe. Akauponyanso, amabweza timiyalato kusiyako kamodzi.

Cofunika kwambiri ndi citetezo. Magalasi osweka ndi misomali zicotsedwe pabwalo, mbaula ikhale kutali, ndipo zitsime zitsekedwe. Timiyala ndi mapulasitiki zisafike kwa makanda, cifukwa zingawatsamwitse. Munthu wamkulu aime pa geti kuti mwana asathamangire mpira kumsewu.

M'mwezi wa October, pamene kumatentha kwambiri, masewera ayambe dzuwa litapendeka, ndipo madzi akumwa aukhondo akhale pafupi.