Kufufuza mbiri ya makolo uli kutali: zomwe Linthipe ingaphunzire ku Germany

Linthipe, Dedza: Munthu amene ali ndi foni ya intaneti pa msika wa Linthipe angathe kuwerenga buku la ubatizo lomwe linalembedwa m'mudzi wina wa ku Germany zaka 300 zapitazo. Koma munthu yemweyo akafuna kudziwa tsiku lomwe agogo ake anabatizidwa, ayenera kukwera minibasi kupita ku parishi, ku Nkhoma kapena ku Zomba, chifukwa mabuku ambiri a mipingo m'dziko muno akadali a mapepala.

Nkhaniyi ikukhudza maofesi a boma kaamba koti milandu ya ufumu, malo, chuma chamasiye ndi unzika kawirikawiri imafuna umboni wosonyeza kuti uje anabadwa kwa yani, liti komanso kuti.

Ku Germany, boma linayamba kulemba m'kaundula ana obadwa, maukwati ndi imfa m'dziko lonse pa 1 January 1876. Nthawiyi isanafike, m'madera ambiri ntchitoyi inali m'manja mwa mipingo. Mpingo wa Katolika unalamula maparishi onse kusunga mabuku a ubatizo ndi ukwati pa msonkhano wa ku Trent m'chaka cha 1563, ndipo mipingo ya Chipulotesitanti inayambanso mabuku ake m'zaka zomwezo.

Mabuku ambiri otere anajambulidwa tsamba ndi tsamba n'kuikidwa pa intaneti. Tsamba la Archion, lomwe linatsekulidwa m'chaka cha 2015, lili ndi mabuku makamaka a mipingo ya Chipulotesitanti ndipo wowerenga amalipira. Tsamba la Matricula lili ndi mabuku makamaka a Katolika ndipo ndi laulere, monganso la FamilySearch, lomwe limangofuna kuti munthu alembetse dzina.

Ngakhale zili choncho, kufufuzako sikophweka. Mabukuwa anasanjidwa potsata parishi, kotero amene sakudziwa mudzi womwe kholo lake linabadwira sangadziwe poyambira. Ambiri analembedwa pamanja m'kalembedwe kakale kotchedwa Kurrent, pomwe a Katolika ambiri ali m'Chilatini. Ena anapsa pa nkhondo ya 1618 mpaka 1648 ndi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Palinso malire oteteza chinsinsi cha anthu: kuchokera m'chaka cha 2009, kaundula wa boma wa obadwa amatsekuka kwa aliyense pakatha zaka 110, wa maukwati zaka 80, ndipo wa imfa zaka 30.

Amalawi ena ali ndi chifukwa chenicheni chofufuzira ku Germany. Amishoni a Berlin ndi a Moravian anafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi m'chaka cha 1891, m'dera lomwe linali pansi pa ulamuliro wa Germany, ndipo zikalata zawo zikusungidwa ku Berlin ndi ku Herrnhut. Mafailo a ofesi ya atsamunda a dzikolo ali ku Bundesarchiv, ndipo ambiri amawerengeka pa intaneti. Mabanja a ku Karonga ndi Chitipa omwe ali ndi abale kutsidya kwa mtsinje wa Songwe angapezemo mbiri ya midzi ndi mafumu awo.

Koma kwa mabanja a ku Linthipe, mbiri yawo yolembedwa ili kwina. Lamulo la atsamunda la 1904 linkakakamiza kulembetsa ana a anthu omwe sanali Aafirika okha. Lamulo la kalembera wa nzika linabwera m'chaka cha 2010, kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunayamba kukakamizidwa m'chaka cha 2015, ndipo kalembera wa ziphaso za unzika m'dziko lonse anachitika m'chaka cha 2017. Izi zikutanthauza kuti kwa anthu ambiri obadwa kale, buku la mpingo ndilo pepala loyamba lomwe dzina lawo linalembedwapo.

M'dera lino muli njira ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi ya amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa, omwe anayamba ntchito ku Mvera m'chaka cha 1889 motsogozedwa ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, n'kutsekula Nkhoma m'chaka cha 1896. Mpingowu unalowa mu CCAP m'chaka cha 1926. Wofufuza ayenera kuyamba ndi mlembi wa mpingo wa kwawo ndi maofesi a sinodi ku Nkhoma, pomwe makalata ndi malipoti ambiri a amishoniwo ali kumalo osungira zikalata za mpingo wa Dutch Reformed ku Stellenbosch, ndipo ambiri mwa iwo ali m'Chibunu.

Njira yachiwiri ndi ya Katolika. Ansembe a White Fathers anatsekula Mua m'chaka cha 1902 ndi Bembeke m'chaka cha 1910. Malinga ndi malamulo a mpingowu, buku la ubatizo limakhala ku parishi komwe munthu anabatizidwira, ndipo akadzalimbitsidwa kapena kumanga ukwati, ngakhale kutali, uthenga umayenera kubwerera kuti ukalembedwe pambali pa dzina lake. Amene anabatizidwa parishi ya kwawo isanatsekulidwe amapezeka m'mabuku a mishoni yomwe inkayang'anira deralo pa nthawiyo. Zolemba za tsiku ndi tsiku za ansembewo zikusungidwa ku likulu lawo ku Rome.

Kumbali ya boma, nyumba yosungira zikalata ya dziko lino ili ku Zomba ndipo inakhazikitsidwa m'chaka cha 1947. Moto womwe unatentha maofesi a boma mumzindawo m'chaka cha 1919 unawononga mafailo ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda. Mwa zomwe zilipo muli mabuku omwe ma DC ankalembamo za midzi, mafumu ndi mibadwo yawo. Ena mwa mabuku amenewa anajambulidwa ndi thandizo la Endangered Archives Programme ya British Library, ndipo amawerengeka mwaulere pa intaneti.

Wofufuza ayenera kusamala ndi maina. Anthu ambiri ankalandira dzina latsopano pa ubatizo, ndipo mlembi wachizungu ankalemba dzina monga walimvera. Mfunda wokha, monga Phiri kapena Banda, sukwanira kuzindikiritsa munthu. Komanso pakati pa Achewa ufumu ndi malo zimatsata mbumba, choncho dzina la mayi, la mwinimbumba ndi la mudzi womwe mayiyo anachokera n'zofunika kwambiri kusiyana ndi dzina la bambo.

N'chifukwa chake amene ali kutali, monga zidzukulu za Amalawi omwe anapita kukagwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ayenera kuyamba ndi akuluakulu a m'banja asanalembe kalata kwina kulikonse. Kalata yopita ku parishi kapena ku Zomba itchule maina onse a munthuyo, mudzi, mfumu yaikulu, mpingo ndi zaka zomwe akuganiziridwa kuti anabadwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti mayankho otere amatenga nthawi.

Buku la mpingo pa lokha silithetsa mlandu wa ufumu kapena wa malo, koma limathandiza kutsimikiza zomwe akuluakulu akunena. Phunziro la ku Germany n'lakuti mipingo inayamba ndi kulemba mndandanda wa mabuku omwe ili nawo, kenaka kuwajambula, n'kugwirizana za zaka zomwe ziyenera kukhalabe zachinsinsi. Makhonsolo a maboma, mipingo ndi nyumba ya zikalata ya ku Zomba angathe kutsata njira yomweyi, poyamba ndi mabuku akale kwambiri omwe chiswe, chinyezi ndi moto zingawawononge tsiku lililonse.