Zining'a za Chingerezi Zisamangolowezedwa Pamtima

Ndimamva chisoni ndikaona wophunzira akuloweza pamtima mndandanda wa zining'a za Chingerezi, mawa lake zonse zaiwalika. Akatswiri afufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo zomwe apeza zingathandize aphunzitsi athu.

Mu 1986, Suzanne Irujo adayesa ophunzira a ku Venezuela olankhula Chisipanishi pa zining'a za Chingerezi. Zining'a zofanana ndendende m'zinenero ziwirizi sizidawavute. Zofanana pang'ono chabe ankazimvetsa, koma pozilemba ankasakanizamo mawu a chinenero chawo. Zosiyana kotheratu ndizo zidawavuta koposa.

George Lakoff ndi Mark Johnson, m'buku lawo la mu 1980 lotchedwa Metaphors We Live By, adaonetsa kuti mawu ambiri okuluwika amachokera pa ganizo limodzi. Mwachitsanzo, Angerezi amayerekeza mkwiyo ndi moto kapena madzi obwadamuka, monganso ife timati munthu wapsa mtima. Frank Boers adayesa njira yophunzitsira yotsatira mfundoyi pa ophunzira a ku Belgium, ndipo mu 2000 adalemba kuti omwe adalandira mawu a mkwiyo ataikidwa m'magulu motsatira maganizo oterewa adawakumbukira bwino kuposa anzawo.

Ine ndikuona kuti mphunzitsi aziyamba ndi kufunsa ana momwe amanenera chinthucho m'Chichewa, kenaka aonetse pomwe zinenero ziwirizi zikukumana ndi pomwe zikusemphana. Poti Chingerezi ndi phunziro lokakamiza kukhoza pa mayeso a MSCE, nthawi ya m'kalasi isathere pa kuloweza kokha.