Chinsinsi cha M'kati mwa Mpope wa Mfuti

Pamene Angerezi anamanga linga la Fort Johnston m'chaka cha 1891, mafumu a Chiyao, monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi, anali nazo mfuti zochuluka ndithu. Koma zambiri zinali za gogodela, zothira wonga kukamwa, zimene mipope yake inali yosalala m'kati, kotero kuti chipolopolo chinkatuluka chikugwedera, ndi kusokera chisanapite patali.

Kuona maso a nkhono n'kudekha: wosuzumira mumpope wa mfuti za asilikali a Chisikh, amene Angerezi anabwera nawo kudzamenyana ndi mafumuwo, akadaona timizere tozokotedwa mokhotakhota, timene timazunguza chipolopolo ngati nguli, kuti chiwongoke ndi kulasa kutali. Komabe nzeru imeneyi inali ndi msampha wake, pakuti wonga wopanda utsi wa cordite, pokhala waukali, unkadya timizere tosazama ta mfuti ya Angerezi yotchedwa Lee-Metford, kufikira amisiri a ku Enfield anazokota tozama m'chaka cha 1895. Lero ena amakuta m'katimo ndi chromium, poletsa dzimbiri ndi kutha msanga.

Ndimva chisoni polingalira amuna olimba mtima a kunyanja kuno, amene anagwa asanafike poti gogodela wawo n'kulasa mdani.