Momwe alendo adakhalira mafumu ku Chigwa cha Shire

Ambiri akamva maina a mafumu monga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima m'boma la Chikwawa amaganiza kuti maufumuwa adayamba ndi Amang'anja. Mbiri ikusonyeza kuti adawayambitsa ndi Amakololo, anthu ochokera kumadzulo kwa dziko la Zambia, omwe adafika m'chigwachi pothandiza David Livingstone pa maulendo ake.

Livingstone atachoka m'chaka cha 1864, ena mwa anthuwa adatsalira. Nthawiyo Amang'anja adali atafooka ndi njala ya m'zaka za 1862 ndi 1863 komanso nkhondo za ogula akapolo. Amakololo adali ochepa, koma adali ndi mfuti. Anthu adathawira kwa iwo kukabisala, ndipo posakhalitsa otetezawo adasanduka olamulira. Mphamvu za Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja, zidachepa kwambiri.

Komabe mfuti siidziwa malire a munda. Pofuna kugawa malo, kuweruza milandu ndi kulandira mitulo, olamulira atsopanowa adadalira eni nthaka odziwa mabanja ndi miyambo ya m'midzi. Ngakhale nkhani ya mvula idatsala m'manja mwa Amang'anja osunga kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje.

Zoterezi zidachitikanso ku England. William wa ku Normandy atagonjetsa dzikolo m'chaka cha 1066, adalanda malo a akuluakulu a mtundu wa Anglo-Saxon n'kugawira ankhondo ake. Kaundula wa malo wa m'chaka cha 1086, wotchedwa Domesday Book, akusonyeza kuti eni malo aakulu a mtunduwu adatsala owerengeka. Koma mabwalo a milandu a m'madera adapitirira, ndipo polemba kaundulayo nthumwi za mfumu zidadalira umboni wa anthu a m'midzi omwewo. Patapita mibadwo, zidzukulu za ogonjetsawo zidayamba kulankhula Chingerezi.

Kunonso Amakololo adakwatira akazi a Chimang'anja ndipo ana awo adakula akulankhula chinenero cha amayi awo. Atsamunda a ku Britain atakhazikitsa ulamuliro wawo m'chaka cha 1891, nawonso adagwiritsa ntchito mafumu omwe adawapeza, ndipo malamulo a 1912 ndi 1933 adawapatsa maudindo m'boma.

N'chifukwa chake lero m'chigwachi muli Paramount Chief Lundu pamodzi ndi mafumu a mbumba ya Amakololo. Pakabuka mkangano wa malo kapena ufumu, mafunso awiri amatsutsana: adayamba kufika ndani, nanga boma lidavomereza ndani? Oweruza mikanganoyi ayenera kudziwa kuti mayankho ake nthawi zina saloza banja limodzi.