Mwana Wofuna Nchito ya Mabuku a Ndalama Ayambira Pati?

(Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Malimidwe wa ku Chinakanaka, m'boma la Mulanje.)

 Lero sindikamba za mizere ya cimanga kapena za anankafumbwe iai. Ndikamba za nchito ya akauntanti ndi ya odita. Wina adzafunsa kuti, kodi mlangizi wa za malimidwe alowa bwanji m'nkhani ya mabuku a ndalama? Yankho lace nali. Makalabu a alimi ndi makopaletivi amene ife alangizi tiyenda nao, akamagwa, kawirikawiri cowagwetsa si cilala kapena mbozi, koma buku losalembedwa bwino ndi msungicuma wosafunsidwa. Ndiponso alipo makolo ambiri kuno amene agulitsa nandolo ndi mbuzi kulipirira mwana wophunzira "za akaunti", osadziwa kuti ulendowo ngwautali bwanji. Nkwabwino kuti audziwe.

Wolemba ndi woyesa

Poyamba tisiyanitse anthu awiri. Akauntanti ndiye wolemba. Ndalama iri yonse yolowa ndi yoturuka ailemba m'buku, ndipo pakutha pa caka aonkhetsa zonse kuti eni ace adziwe ngati apindula kapena ataya, katundu ali naye ngwa ndalama zingati, ndi ngongole zimene zatsala. Kanthu kali konse akalemba kawiri, kumene kacokera ndi kumene kapita. Kopaletivi ikagula matumba 200 a nandolo, tsamba lina lionetsa kuti ndalama za m'bokosi zacepa, ndipo lina lionetsa kuti katundu wa m'nkhokwe wacuruka ndi mtengo womwewo. Mbali ziwirizi zikapanda kulingana, ndiye kuti pena palakwika. Njira imeneyi si ya dzulo. Katswiri wina wa masamu wa ku Italy, dzina lace Luca Pacioli, anaisindikiza m'buku ku Venice m'caka ca 1494, ndipo makompyuta a lero atsata yomweyo.

Odita ndiye woyesa. Iye abwera ngati mlendo, wosakhala pansi pa amene analemba mabukuwo, ndipo funso lace ndi limodzi: umboni uli kuti? Buku likati munagula matumba 200, iye afuna malisiti, afuna maina a alimi amene analipidwa ndi pamene anasaina kapena kudinda cala. Apita ku nkhokwe nawerenga matumba ndi maso ace, nakweza ena pa sikelo, pakuti thumba lochedwa la makilogalamu 50 likhoza kukhala ndi 46 okha. Alembera ku banki kuti banki yokha imuuze ndalama zimene ziripo, osadalira mau a msungicuma. Sangathe kuona pepala liri lonse, cotero atapa pano ndi apo, monga acitira mai wogula nyemba pa msika wa Chinakanaka, amene sakhutira ndi za pamwamba koma apisa dzanja mpaka pansi pa thumba. Potsiriza alemba kalata yonena maganizo ace, ngati mabuku aonetsa zoona kapena pali zokayikitsa. Kalata imeneyo ndiyo malonda a odita. Banki iiwerenga isanabwereketse ndalama, ndipo ogula a kunja aifuna. Alimi ang'onoang'ono a tiyi a Sukambizi Association Trust, amene agulitsa masamba ao ku Lujeri, alandira ndalama zoonjezera za Fairtrade, ndipo ndalama zotere sizibwerabe kwa gulu lolephera kuonetsa kumene zoyamba zinapita.

Inu amai a banki ya m'khonde nzeru imeneyi muidziwa kale. Bokosi liri ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu, ndipo ndalama ziwerengedwa pamaso pa onse. Odita akalowa m'kampani yaikuru afunafuna cinthu comweco, kuti wolamula kugula, wolandira katundu ndi wolipira asakhale munthu mmodzi.

Makomo olowera

Zonse ziyamba ndi mayeso a MSCE, ndipo maphunziro awiri ofunika koposa ndiwo masamu ndi Cingerezi. Ana ambiri aopa masamu, koma ine ndiona kuti Cingerezi ndico cipunthwitsa ambiri, pakuti malamulo a msonkho, mafunso a mayeso ndi makalata onse a nchitoyi ziri m'Cingerezi, ndipo odita wosatha kulemba ciganizo comveka sapita patali.

Khomo loyamba ndi la yunivesite. Ku Chichiri, mu Blantyre, kuli sukulu imene makolo aidziwa ndi dzina la Polytechnic, koma kuyambira 2021 inaima payokha ndipo ichedwa MUBAS. Kumeneko digiri ya akaunti itenga zaka zinai. Kulinso mayunivesite ena, a mipingo ndi a anthu wamba, monga ya Akatolika ku Nguludi, imene inatsegulidwa mu 2006. Musanalipire kuli konse, funsani ngati digiri yao ibvomerezedwa ndi Boma ndi mabungwe oyang'anira nchitoyi. Boma libwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, koma kumbukirani kuti ndi ngongole, iyenera kubwezedwa.

Khomo laciwiri ndi la amene sanasankhidwe ku yunivesite, ndipo siliri lonyozeka. Mwana akhoza kuyamba ndi satifiketi, nakwera ku dipuloma, napitirira mpaka pamwamba, polemba mayeso a bungwe la ICAM. Malawi College of Accountancy, imene inayamba mu 1980 ndipo iri ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, iphunzitsa mayeso otere. Alipo makalaliki a m'maesiteti a tiyi ndi m'masitoro amene agwira nchito usana nawerenga usiku, ndi kukwera makwerero omwewa pang'onopang'ono.

ICAM ndilo bungwe la akatswiri a akaunti m'Malawi muno. Linabadwa ndi lamulo la 2013, polumikiza gulu lakale la SOCAM, la m'caka ca 1969, ndi bungwe limene linkalembetsa mayeso. Pamwamba pace pali Malawi Accountants Board, yoyang'anira nchito yonseyi m'malo mwa Boma. Wotsiriza mayeso onse a ICAM ndi zaka za kuphunzira pa nchito alemba zilembo za CA(M) pambuyo pa dzina lace. Palinso mayeso a ACCA a ku London, okwana 13, ndipo wa digiri yobvomerezeka akhululukidwa ena, mwina mpaka asanu ndi anai. Ubwino wa ACCA ngwakuti adziwika m'maiko ambiri. Bvuto lace nlakuti alipidwa m'mapaundi, ndipo pamene kwaca inagwa ndi 44 pa 100 iri yonse mu Novembala 2023, mtengo wace unakwera tsiku lomwelo. Banja lidziyese lokha lisanasankhe.

Zaka zitatu zimene makolo saziwerengera

Tsono tafika pa mtima pa nkhani. Tsiku limene mwana abvala mkanjo nalandira digiri, kumudzi kukhala nthungululu, ndipo makolo ayamba kuwerengera malata. Koma pa nchito iyi digiri ndi ciphaso colowera cabe. Kuti munthu achedwe katswiri ayenera kutsiriza mayeso otsala aja, ndiponso kugwira nchito zaka ngati zitatu pansi pa katswiri wina amene alemba ndi kusainira zimene waphunzira. Nkofanana ndi mlangizi woturuka ku koleji, amene adziwa maina a matenda onse a mbeu koma sanaimepo m'munda wa mlimi wokwiya.

Ambiri zaka zimenezi azigwirira m'makampani oyesa mabuku, monga Deloitte ndi Grant Thornton mu Blantyre, kapena ang'onoang'ono a Amalawi anzathu. Nchito ya caka coyamba siiri yaulemu monga aganizira a kumudzi. Makampani ambiri atseka mabuku ao pa 31 Disembala, cotero pamene anzace alikukonzekera Caka Catsopano, mwana wanu akhoza kukhala m'nkhokwe yotentha, pensulo kukhutu, kuwerenga matumba a tiyi kapena a feteleza. Kuyambira Januwale mpaka Malici aweruka usiku, kulinganiza malisiti ndi mabuku mzere ndi mzere. Nchito ikacepa, mayeso ayandikira. Caka caciwiri ampatsa cigawo cace, monga malipiro a anchito kapena ngongole za ogula. Caka cacitatu atsogolera anzace awiri kapena atatu ku kampani yaing'ono, nayamba kulankhula ndi akuluakulu ofanana ndi atate wace, ndi kuwauza mwaulemu kuti ciwerengero cao sicigwirizana ndi umboni.

Malipiro a nthawi imeneyi ngocepa, ndipo nyumba ndi minibasi za mu Blantyre zidya gawo lalikuru. Phindu lace liri pena. M'zaka zitatu mwanayo aona mabuku a banki, a esiteti, a cipatala ca misyoni ndi a bungwe lothandiza anthu, pamene mnzace wa m'ofesi imodzi adziwa mabuku amodzi okha. Cifukwa cace ndipempha inu makolo, musamfulumize. Mwana wopanikizidwa ndi mauthenga a kumudzi sabata ndi sabata asiya maphunziro, nathamangira nchito yoonjezera pang'ono pamene palibe katswiri womsainira, ndipo mayeso aja agona. Patapita zaka khumi, anzace amene anapirira ndiwo adzayesa mabuku ace. Munadikira tiyi wobzala kumene zaka zingapo musanachole tsamba, dikiraninso apa.

Ndipo inu anyamata ndi asungwana, musanasaine pangano la nchito funsani zinthu zitatu: ngati malowo abvomerezedwa kuphunzitsa, ngati athandiza kulipira mayeso, ndi ngati apatsa masiku owerengera mayeso asanafike. Malo a nchito alengezedwa m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times ndi pa intaneti. Munthu wokuuzani kuti mumpatse ndalama kuti akupezereni malo ndi mbala. Pamene mulikudikira, musakhale pa msika kusewera bawo. Pemphani kusunga mabuku a mpingo kapena a kopaletivi ya kwanu, ndipo phunzirani Excel mpaka zala zizolowere. Izi mwina siziwerengedwa pa zaka zitatu zija, koma pofunsidwa mafunso a nchito mudzakhala ndi cokamba.

Pambuyo pace

Wotsiriza zonse ali ndi njira zambiri. Ena akhala momwemo mpaka asanduka eni kampani, ndipo iwo, atalandira cilolezo capadera, ndiwo asaina kalata ija. Ena apita kukasunga cuma ca mabanki ndi maesiteti, ena ku MRA kukakhometsa msonkho. Enanso alowa ku National Audit Office, pansi pa Auditor General, amene ayesa mabuku a maunduna ndi a makhonsolo, ngakhale khonsolo yathu ya Mulanje, napereka zopeza zace ku Nyumba ya Malamulo.

Kulemera kwa nchitoyi tinakuona mu 2013, pa mlandu wochedwa Cashgate. Ndalama za Boma zinkalipidwa kwa anthu amene sanapereke katundu ali yense, ndipo zolembedwa zace zinkafafanizidwa m'kompyuta. Oyesa mabuku a Baker Tilly, ocokera ku Britain, anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatayika m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Maiko othandiza anaimika thandizo lao, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala m'zipatala ndi ana m'sukulu. Ena mwa omangidwa anali anchito a m'maofesi a ndalama momwemo, anthu odziwa kulemba mabuku bwino lomwe.

Ncifukwa cace nchito iyi iri ndi malamulo ouma, ena osemphana ndi makhalidwe athu. Odita saloledwa kuyesa mabuku pamene msungicuma ndi atate wace kapena mkazi wace, kapena pamene iye mwini anaikapo ndalama, ndipo wanzeru akana ngakhale pamene pali atsibweni ace. Saloledwa kuulula za m'mabuku a kampani ina kwa ina, ngakhale kwa abale pa nthawi ya nsima. Wopezeka atasaina bodza acotsedwa m'kaundula, ndipo zaka zonse zija zipita pacabe. Kuno kwathu mlendo sacoka cimanjamanja, timpatsa nkhuku kapena zinanazi za pa njira. Koma odita akabwera ku kopaletivi yanu nakana nkhuku, musakwiye kapena kumuyesa wonyada. Mpatseni mpando ndi madzi akumwa, ndipo muturutse mabuku.

Lamulo lifuna kuti mabuku a kopaletivi aziyesedwa caka ndi caka. Cotero inu a m'makomiti, musanayambe kugula nandolo wa caka cino, onani kuti buku la malisiti liri ndi manambala otsatana, ndi kuti wosunga kiyi wa nkhokwe si yemweyo wosunga ndalama. Ana ofuna kudziwa za masiku a mayeso ndi mitengo yace afunse aphunzitsi akuru a sukulu yao, kapena alembere ku ofesi ya ICAM mu Blantyre. Sabata ya mawa tidzakamba za kasungidwe ka nandolo m'matumba.